Banki Ikakukanani: Za Ngongole ya Galimoto ndi Dzina la Munthu

   Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Kaya kanga n'kakuthwa kaya n'kobuntha, muweruza nokha tikamafika kumapeto.

Nkhani yathu lero ndi ya munthu amene anagula galimoto pa ngongole, ngongoleyo yamlemera, wapita ku banki ina kukapempha kuti imtule katunduyo pamutu ndi kumuika paphewa, koma wabwerako chimanjamanja atakanidwa. Tiyamba ndi kufunsa chimene kukanako kumatanthauza. Kenaka tiona kaundula amene amasunga mbiri ya ngongole zathu. Tikatero tidzakamba za mmene munthu angakonzere dzina lake. Koma mawu amodzi ndikufuna muwamange pansonga ya nsalu kuyambira tsopano, pakuti ndidzawabwereza: banki sikudziwani monga akudziwirani a mfumu kapena akulu a mpingo, banki imakudziwani ndi zolembedwa zokha.

Ndili ndi mlamu wanga, mphunzitsi wa sukulu ya pulayimale kumapiri a ku Ntchisi, munthu wodekha, wosamwa, amene pa maliro amafika woyamba ndi khasu lake. M'chaka cha 2021, ataona kuti malipiro okha sakukwanira ndipo soya wa kumunda amabwera kamodzi pachaka, anakongola ndalama ku banki, dzina lake sinditchula, nagula Sienta, imodzi mwa zija zimachokera ku Japan n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno kudzera pa Songwe. Anaipatsa mnyamata woti aziyendetsa pakati pa Ntchisi ndi Mponela, ndipo Lachiwiri, pa tsiku la msika wa ku Dzaleka, inkakhotera kumeneko. Madzulo mnyamata ankabweretsa tageti, ndalama za tsikulo zimene anapangana, mlamu ankaiika m'chitini cha mkaka, ndipo mwezi ukatha banki inkadula gawo lake. Chaka choyamba zonse zinayenda ngati madzi a mumfuleni.

Tsono mvetserani chimene chinasintha, pakuti sichinasinthe kwa iye yekha. Ngongole zambiri za m'mabanki athu sizikhala ndi chiwongola dzanja chokhazikika. Chimakwera kapena kutsika potsata mlingo umene Reserve Bank of Malawi, banki yaikulu ya dziko lino, imaika. Pamene mlamu ankasaina mapepala, mlingowo unali pa 12 peresenti. Pofika kuchiyambi kwa 2024 unali pa 26. Simufunika kusunga manambalawo m'mutu. Ingodziwani kuti unawirikiza kawiri n'kupitirira. M'katikati mwa zaka zomwezo kwacha inatsitsidwa mphamvu kawiri, mu May 2022 ndi mu November 2023, ndipo popeza tayala, batire ndi mashoko sizimera m'munda mwathu, mitengo yake inauluka. Onjezanipo masiku aja galimoto zinkagona pa mzere wa mafuta, mnyamata osabweretsa kanthu; onjezaniponso misewu yathu ya kumapiri, imene nyengo ya dzinja imadya galimoto monga chiswe chidyera nsichi. Chotero munthu amene sanasinthe khalidwe lake ngakhale pang'ono anapezeka kuti chimene banki ikufuna pamwezi chakula, chimene galimoto ikubweretsa chachepa, ndipo miyezi iwiri, Januwale ndi Febuluwale, nthawi ija nkhokwe zapepuka ndipo fizi yafika, m'akaunti munalibe chokwanira kudula.

Mnzake wina ndiye anamuuza za kusamutsa ngongole. Tanthauzo lake ndi ili, kwa amene simunamvepo: mumapempha banki yachiwiri kuti ilipire yoyamba ndalama zonse zotsala, ndipo inu muzibweza kwa yachiwiriyo, kaya pa chiwongola dzanja chocheperapo, kaya pa zaka zochulukirapo kuti chodula cha pamwezi chipepuke. Ngongole siifa, imangosintha mwini.

Anavala jekete lake la Lamulungu, nakwera Sienta yake yomwe mpaka pa Mponela, nakapereka mapepala. Patapita masabata awiri anabwereranso. Mayi wa pa desiki, mwaulemu wonse, anati: "Pepani bambo, pempho lanu silinatheke ulendo uno." Mlamu, amene ana a sukulu amamuimirira akamalowa m'kalasi, anangoti, "Zikomo mayi," natenga chipewa chake, natuluka. Anandiuza pambuyo pake kuti njira yonse yobwerera anakhala kumpando wakumbuyo ngati wokwera wamba, thumba la feteleza la munthu wina lili pamiyendo pake, osalankhula, ndipo atafika kunyumba, mayi a kunyumba atamufunsa kuti, "Mwayenda bwanji, bambo a mwana?" anayankha kuti akuluakulu a banki anali ku msonkhano.

Apa ndiye pali cholakwa choyamba, ndipo ndi cholakwa cha anthu abwino: sanafunse chifukwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iye anamva ngati amuyesa wakuba, pamene mayi uja sanayese mtima wake konse; anangowerenga zimene zinali pa kompyuta.

(Kanyimbo)

Mwabweranso bwino, omvera. Tisanapume tinasiya mlamu wanga atakanidwa, ndipo tinati banki imakudziwani ndi zolembedwa zokha. Tsopano tifunse: zolembedwazo zimakhala kuti?

Kale, munthu ankatha kusiya ngongole ku banki ina, n'kuoloka msewu, n'kukakongolanso kwina ngati mwana wobadwa dzulo. Masiku amenewo anapita. M'chaka cha 2010 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lolola kuti pakhale mabungwe osunga mbiri ya ngongole za anthu, amene m'mabanki amangowatchula kuti CRB, ndipo amagwira ntchito ndi chilolezo cha Reserve Bank. Credit Data ndi limodzi mwa mabungwe otere. Mabanki ndi mabungwe ena obwereketsa ndalama amatumiza kumeneko mbiri ya amene anawakongoza: anatenga zingati, watsala ndi zingati, amabweza pa nthawi yake kapena amachedwa. Ndipo chiyambire kalembera wa ziphaso za unzika mu 2017, munthu sangasinthe dzina monga asinthira malaya, pakuti nambala ya pa chiphaso imamtsata kulikonse. Makolo athu, amene sanaonepo kompyuta, ananena kale kuti mlandu suola.

Koma musamve ngati kaundulayu ndi buku la anthu otembereredwa. Ndamva ambiri akuti, "Andilemba ku CRB," mawu akunjenjemera ngati alembedwa ku manda. Ayi. Aliyense wokongola ku bungwe lovomerezeka amalembedwa, wobweza bwino ndi wobweza moipa yemwe. Ndipo kaundula yemweyo amene amaneneza wochedwa ndiye amachitira umboni wokhulupirika. Ali ngati kaundula wa sukulu amene mlamu wanga amaitana m'mawa uliwonse: salemba ojomba okha, amalembanso obwera.

Nanga woyang'ana pempho lanu amafuna kuona chiyani? Amayamba ndi mbiri ija, ndipo miyezi iwiri yophonya, imene kwa inu inali miyezi ya njala chabe, kwa iye ndi chenjezo. Amayang'ananso ndalama zimene zimalowa m'akaunti mwanu, n'kuziyerekeza ndi ngongole zonse zimene mukubweza kale, kuti aone ngati mudzatsala ndi chodyera. Pakuti adziwa kuti munthu akasankha pakati pa ufa wa ana ndi banki, ufa ndiwo upambana. Amayang'ana chikole, ndiye galimotoyo: zaka zake, mmene yathera, ngati inshuwalansi ndi mapepala ake a pamsewu zili moyo, ndiponso ngati ataigulitsa lero ingabweze ndalama zimene mukupempha. Pali chinanso chimene ambiri sachiganizira, ndicho ngongole za eni zimene munasainira ngati mboni. Mphwanu akathawa ngongole imene inu munaiimira, musadabwe ikakupezani pa khomo la banki.

Ndinamukakamiza mlamu kuti abwerere kukafunsa. Anakana masiku atatu, tsiku lachinayi anapita. Ndipo taonani, mayi yemwe uja, amene iye ankamuyesa mdani, anamkhazika pansi namufotokozera zinthu ziwiri. Choyamba chinali miyezi iwiri ija. Chachiwiri ndicho chinamdabwitsa. "Bambo," anatero mayiyo, "mwalemba kuti galimoto imakupatsani ndalama tsiku ndi tsiku, koma pa sitetimenti yanu ndikungoona malipiro a uphunzitsi. Ndalama za galimotozo zili kuti?" Mlamu anati, "Zili kunyumba, mayi." Zinali m'chitini cha mkaka.

Ndikhalepo pang'ono pa chitini chimenechi, chifukwa ndikhulupirira kuti m'nyumba zambiri zimene zikundimva usiku uno chilimo. Ife anthu a kumapiri kuno ndalama timazigwira ndithu: za soya, za mtedza, za mbatata, za fodya zochokera ku okushoni ya ku Kanengo, za kabaza, za galimoto. Koma zambiri zimadutsa m'manja osasiya phazi. Mayi amene wakhala msungichuma wa banki mkhonde zaka zisanu osasowetsa ngakhale tambala, mudzi wonse umadziwa kukhulupirika kwake. Koma kabuku ka gulu kamakhala m'bokosi la maloko atatu, ndipo woyang'ana ngongole ku tauni sadzakaona. Mwamuna amene wogulitsa feteleza pa Mponela amampatsa matumba pa mawu okha, popeza sananamepo, akalowa m'banki amakhala mlendo wopanda mbiri. Kodi n'chilungamo? Ine ndikuti si chilungamo chokwanira, ndipo ndikanakonda kuti tsiku lina umboni wa m'mudzi udzalemere pa sikelo ya banki monga ulemerera pa bwalo la mfumu. Koma kufikira tsikulo, tiyenera kuvina gule amene ng'oma yake ikulira. Banki imakudziwani ndi zolembedwa zokha.

(Kanyimbo)

Tafika tsopano pa gawo limene ambiri mwalidikira: munthu wokanidwa achitenji?

Ayambe wafunsa chifukwa, monga ndanenera, ndipo afunse mofatsa, pakuti amene ali pa desiki sindiye anakana yekha. Atamva, akapemphe kuona lipoti lake la ku CRB. Ku banki komweko angamuuze njira yolipezera, ndipo atenge chiphaso chake cha unzika. Aliwerenge mzere ndi mzere monga mlimi awerengera pepala la ku okushoni. Zolembedwa ndi anthu, ndipo anthu amalakwitsa: ngongole imene munamaliza kalekale ikhoza kuonekabe ngati yamoyo chifukwa wina sanatumize uthenga, dzina lofanana ndi lanu, m'dziko lino la a Banda ndi a Phiri osawerengeka, likhoza kukusenzetsani katundu wa mwini. Mukapeza cholakwa muli ndi ufulu wodandaula kuti chikonzedwe. Lembani kalata kwa amene anakukongozani ndi ku bungwe losunga mbirilo, muikemo umboni, musunge kope lanu. Ndipo akapanda kukuthandizani, Reserve Bank ili ndi mbali yomva madandaulo a anthu pa mabanki. Chifukwa chake malisiti a ngongole musayatsire moto, ndipo mukamaliza ngongole iliyonse, pemphani kalata yonena kuti mwamaliza, muisunge pamodzi ndi kalata ya ubatizo.

Koma zolembedwazo zikakhala zoona, monga zinalili kwa mlamu, palibe mankhwala ozifufutira. Akadzakupezani munthu wonena kuti ali ndi mbale wake ku ofesi amene angachotse dzina lanu mukampatsa kangachepe, dziwani kuti mwakumana ndi mbala. Mbiri yoipa siichotsedwa ndi chiphuphu. Imakwiriridwa ndi mbiri yabwino, mwezi pamwamba pa mwezi.

Ndipo musathamange kuchoka pa banki yachiwiri kupita pa yachitatu ndi yachinayi sabata yomweyo. Onsewo amamwa pa chitsime chimodzi. Chimene waona woyamba adzaona wotsiriza, ndipo inu mudzangotha nsapato ndi ndalama zoyendera.

Khomo loyenera kugogoda ndilo limene mukuliopa koposa: la banki imene inakukongozani poyamba. Ndikudziwa kuti wangongole akaona mwini ndalama amakhotera njira ya kudambo. Ndikudziwanso kuti foni ikalira nambala ya ku banki, ambiri amaiyang'ana mpaka itasiya. Koma lingalirani bwino: kulanda galimoto, kuisunga, kuitsatsa ndi kuigulitsa pa mtengo wogwa ndi ntchito yotopetsa kwa banki yomwe, ndipo kawirikawiri imakonda munthu wobwera yekha kudzanena vuto lake kuposa amene iyenera kumsaka. Pitani musanaphonye mwezi wina, osati mutaphonya. Nenani zoona: ndalama zanga zimabwera zambiri kuyambira Epulo, misika ya fodya ndi soya ikatsegulidwa, ndipo zimauma m'dzinja, kodi tingakonze bwanji? Mwina adzavomera kutalikitsa nthawi, mwina kugawa zotsalira zija pang'onopang'ono, mwinanso adzakana. Koma chimene mwagwirizana chilembedwe, pakuti pangano la pakamwa limauluka ndi mphepo ya Ogasiti.

Pano ndiike mawu a pambali, amene ogulitsa ngongole sakonda kuwanena mokweza. Kutalikitsa zaka kumapepuza mwezi, koma kumalemeretsa mtolo wonse, popeza chiwongola dzanja chimabala masiku onse amene ngongole ili moyo. Ndipo ngongole yatsopano imabwera ndi zolipira zake za mapepala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chotero musafunse kokha kuti, "Ndizilipira zingati pamwezi?" Funsaninso kuti, "Pofika tsiku lomaliza ndidzakhala nditalipira zingati zonse pamodzi?" Alipo anthu amene kukanidwa kunawapulumutsa iwo osadziwa.

Za katapila ndinena mwachidule, chifukwa nonse mukumudziwa. Amakulandirani ndi mpando, safunsa za CRB, ndalama amapereka tsiku lomwelo. Koma amasunga khadi lanu la ku banki, ndipo pakutha pa mwezi iye ndiye amayamba kudya malipiro anu, banki n'kupeza m'akaunti mopanda kanthu. Mwatseka dzenje la mbewa pokumba la nkhumba.

Mukukumbukira mkazi wamasiye uja wa m'buku lachiwiri la Mafumu, amene wangongole anafuna kumlanda ana ake awiri. Mneneri Elisa sanayambe ndi kumtumiza kwa wobwereketsa wina. Anayamba ndi kumfunsa chimene anali nacho m'nyumba. Mlamu wanga atadzifunsa funso lomwelo, anapeza kuti anali ndi matumba a soya amene ankasungira mtengo wabwino, ndi mbuzi zitatu. Anagulitsa soya ndi mbuzi ziwiri, nalipira miyezi iwiri yotsalira ija, pakuti bala limayamba latsukidwa lisanamangidwe. Kenaka anasiya kusunga ndalama m'chitini. Anauza mnyamata woyendetsa kuti tageti isamabwerenso m'thumba la thalauza, koma izitumizidwa pa foni madzulo aliwonse, ndipo Lachisanu lililonse iye amaikankhira ku akaunti. Masiku ano Airtel Money ndi Mpamba zafupikitsa mtunda umene kale unkafuna tsiku lathunthu. Anagula kope la masamba ambiri, mmene amalemba mafuta, matayala, makaniko ndi zolowa. Ndipo anachita chinthu chimodzi chanzeru chimene sindinamuuze ine: m'miyezi ya zokolola amasiya m'akaunti ndalama za miyezi iwiri yapatsogolo osazikhudza, kuti Januwale akadzafika adzapeze nkhokwe ya banki ili ndi kanthu.

Zing'onozing'ono nazo musazipeputse. Ngongole ya pa foni, ya ku bungwe la ngongole zazing'ono, ya ku SACCO, iliyonse yotengedwa ku bungwe lovomerezeka, muiyese ngati ikhoza kukafika m'kaundula uja, ndipo muibweze pa tsiku lake. Amene muli pafupi ndi SACCO, imodzi mwa zija zili pansi pa MUSCCO, lowani ndi kumasunga mokhazikika, pakuti kumeneko amakongoza poyang'ana masheya anu ndi kusunga kwanu. Ndipo m'miyezi imene mukukonza dzina, musatenge ngongole yatsopano ya sofa kapena ya foni yapamwamba, ndiponso m'bale akabwera ndi pepala kuti mumsainire, muloleni akwiye.

Zitenga nthawi yotani? Sindikulonjezani sabata, sindikulonjezani mwezi. Woyang'ana ngongole amafuna kuona miyezi yotsatizana yopanda banga, ndipo miyezi siigulidwa pa msika, imadikiridwa. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Ndingakhale wosakhulupirika kwa inu ndikapanda kunena chowawa ichi. Alipo ena mwa inu amene, mutalemba zonse m'kope moona mtima, mudzapeza kuti galimotoyo siikubala, koma ikudya malipiro anu, ikudya munda, ikudya ndi mtendere wa m'nyumba. Zikatero, ndi bwino kukambirana ndi banki kuti muigulitse nokha pa mtengo wabwino, mutseke ngongole, kusiyana ndi kudikira kuti adzaikoke pamaso pa ana anu n'kukaigulitsa motchipa, inu n'kutsalabe ndi ngongole ya chinthu chimene mulibe. Koma musaigulitse mobisa pamene ili chikole, pakuti pamenepo mwachoka pa ngongole mwalowa pa mlandu. Anthu adzalankhula, inde, adzati aphunzitsi abwerera pa njinga. Adzalankhula sabata ziwiri, kenaka adzapeza nkhani ina.

Nthawi yathu yatsamira kumadzulo. Usiku uno, ana akagona, ndikupemphani kuti inu awiri a m'nyumba mukhale pansi ndi nyali, mufunsane mafunso awa: kodi mlendo amene sanationepo, atatsegula zolembedwa zathu lero, angaone anthu otani? Ndalama zimene timagwira pa chaka, ndi zingati zimene zinasiya phazi? Ndipo ndi mapepala a yani amene tinasainira, amene tinawaiwala?

Mlamu wanga sanakapemphenso ngongole ku banki yachiwiri ija. Akuti adikira soya wa chaka chino atuluke, sitetimenti inenepe, ndipo mwina sadzafunanso kupitako. Ndinakumana naye Loweruka lapitali pa Mponela akugula tayala, kope lake lili m'thumba la jekete, cholembera chili kukhutu. Chitini chija mayi a kunyumba akusungiramo mchere.

Sabata ya mawa, nthawi ngati yomweyino, tidzakamba za kusainira ngongole ya m'bale, ndi mmene munthu angakanire popanda kupasula chibale.